Khutu likamalira osaleka: zomwe ogwira ntchito m'minda ya tiyi ayenera kudziwa

Kuyambira mwezi wa Disembala kufikira cha mu Epulo, pomwe mvula imagwa ndipo tiyi amaphukira mwamphamvu, mafakitale a tiyi m'boma la Thyolo sagona. Masamba akathyoledwa sadikira munthu. Amayenera kufota, kudulidwa, kuumitsidwa ndi kusankhidwa asanawonongeke, choncho makina amalira usana ndi usiku, anthu akusinthana mashifiti. Ambiri akaweruka n'kutuluka pageti, phokoso la makinawo amalisiya komweko. Koma alipo ena omwe amafika kunyumba ndi kaphokoso kena m'mutu, komwe ngakhale wogona naye mphasa imodzi sangakamve.

Wina amati m'khutu mwake mukulira nyenje. Wina amati ndi nkhululu, wina njuchi, wina amangoti mukuchita kuti ziii ngati wailesi yomwe yataya siteshoni. Madokotala vutoli amalitcha tinnitus, kutanthauza kumva phokoso m'khutu kapena m'mutu pomwe kunja kulibe chinthu chomwe chikulira. Ambirife tidakula tikumva kuti khutu likalira ndiye kuti kwinakwake akukunena. Kulira kwa kamphindi kochepa kotereku kumachitikira pafupifupi aliyense ndipo sikudetsa nkhawa. Nkhani imakhalapo kulirako kukamabwerabwera, kapena kukangokhazikika kwa miyezi ndi zaka.

Ndi angati ali ndi vutoli?

M'chaka cha 2022, akatswiri motsogozedwa ndi a ku Mario Negri Institute mumzinda wa Milan ku Italy adasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri omwe adachitika m'maiko osiyanasiyana, ndipo zomwe adapeza zidasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA Neurology. Malinga ndi iwo, anthu akuluakulu 14 mwa 100 alionse ali ndi vuto la kulira kwa m'makutu, omwe ndi anthu oposa 740 miliyoni padziko lonse. Pafupifupi awiri mwa 100 alionse, anthu oposa 120 miliyoni, vutoli lidawakulira mwakuti limawasokoneza moyo. Pakati pa abambo ndi amayi sadapeze kusiyana kwenikweni. Kusiyana kudali pa msinkhu: mwa achinyamata ndi anthu 10 pa 100 alionse, mwa a zaka zapakati ndi 14, pomwe mwa okalamba a zaka 65 kupita mtsogolo chiwerengero chidafika pa 24.

Akatswiriwo adanenanso poyera kuti akafukufuku ochokera mu Africa adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Ulaya, America ndi Asia. Mmodzi mwa ochepawo ndi yemwe adachitika pakati pa okalamba a ku Nigeria, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2010. Mwa anthu oposa 1,300 a zaka 65 kupita mtsogolo, 14 pa 100 alionse adati makutu awo amalira, ndipo vutoli lidapezeka kwambiri mwa omwe adadwalapo mobwerezabwereza matenda a m'khutu, omwe adavulalapo m'mutu ndi omwe ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Ziwerengero za matendawa zimasiyana kwambiri kutengera momwe funso lafunsidwira. Kufunsa munthu ngati khutu lake lidalirapo n'kosiyana ndi kumufunsa ngati limalira kopitirira mphindi 5, ndipo n'kosiyananso ndi kumufunsa ngati kulirako kumamulepheretsa kugona. Palibe makina omwe angamve phokosoli m'malo mwa mwiniwake, choncho chiwerengero chilichonse chimachokera m'kamwa mwa odwalawo.

Kuno kwathu tili ndi chithunzi cha vuto loyandikana nalo, lomwe ndi kusamva bwino. Kafukufuku yemwe adachitika m'boma la Ntcheu pakati pa anthu a zaka 50 kupita mtsogolo adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kumva, kaya lochepa kaya lalikulu. Izi zikugwirizana ndi nkhani yathu chifukwa anthu ambiri omwe makutu awo amalira, akayezedwa, amapezeka kuti kumva kwawo kudayamba kale kuchepa, ngakhale eniakewo sadziwa.

Ntchito ya tiyi m'dziko muno, yomwe yambiri ili ku Thyolo ndi Mulanje, imalemba anthu pafupifupi 50,000 nyengo yothyola ikafika pachimake. Titangotenga mlingo wa padziko lonse uja wa 14 pa 100 n'kuuika pa gulu limeneli, tikupeza anthu 7,000. Aka ndi kasamu koyerekezera chabe, koma kakusonyeza kuti nkhaniyi si ya munthu mmodzi kapena awiri pa esiteti.

Phokosoli limachokera kuti?

Mkati mwenimweni mwa khutu, kupitirira kanembanemba kokhala ngati chikopa cha ng'oma, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya pamwamba. Mawu akalowa m'khutu, tiubweyati timagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumasanduka uthenga womwe mtsempha wa kumva umapititsa ku ubongo. Timaselo tina timamva mawu aakulu ngati a ng'oma, tina mawu aang'ono okwera ngati a mluzu. Phokoso lalikulu limatopetsa timaseloti, ndipo likapitirira kwa nthawi yaitali timafa. Mwa munthu, tikafa sitimeranso.

Chodabwitsa n'chakuti phokoso lomwe wodwala amamva nthawi zambiri silipangidwa m'khutu momwemo. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti ubongo ukasiya kulandira uthenga kuchokera ku timaselo towonongeka tija, umayesetsa kukweza mphamvu yake yomvetsera, monga momwe munthu amakwezera wailesi siteshoni ikamamveka patali. Wailesi yokwezedwa choncho imatulutsa mkokomo wopanda mawu, ndipo ubongo nawo umayamba kumva mkokomo wa mitsempha yake yomwe. N'chimodzimodzi ndi munthu yemwe adadulidwa mwendo koma amamvabe kuyabwa kuphazi lomwe kulibe. N'chifukwa chake ngakhale anthu omwe adagontheratu amatha kumva kuliraku, ndipo n'chifukwa chakenso kudontheza mankhwala m'khutu nthawi zambiri sikuthandiza.

Fakitale, chigayo ndi zimkuzamawu

Tiyi ku Thyolo ndi wakalekale. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idayamba m'chaka cha 1923, ndipo maina ngati Naming'omba, Makandi, Conforzi, Nchima ndi Makwasa adalowerera m'mbiri ya mabanja ambiri, omwe agogo, makolo ndi ana adadya za m'minda yomweyo. Kapangidwe ka tiyi wakuda kulikonse padziko n'kaphokoso mwachibadwa. Masamba amafotetsedwa m'zimiphika zitalizitali momwe mafani akuluakulu amauzira mphepo kwa maola ambiri. Kenaka amalowa m'makina odula ndi kupera. Akasintha mtundu amapita ku makina oumitsira, omwe amadalira moto wa m'maboila otenthedwa ndi nkhuni za bulugamu, ndipo pomaliza amasefedwa pa makina ogwedezeka. Nkhuni za bulugamuzo amadula ndi macheka a injini. Magetsi akathima, majenereta amalowa m'malo. Palinso oyendetsa mathalakitala, okonza makina ndi owotcherera zitsulo ku wekishopu.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Mlingo womwe akatswiri a zachitetezo pantchito amagwiritsa ntchito kwambiri ndi wa madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku. Vuto lake n'lakuti mlingowu suyenda ngati sikelo ya pamsika. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, mphamvu yake imawirikiza kawiri, ndipo nthawi yomwe munthu angakhalemo osavulala imadulidwa pakati. Pa madesibelo 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, pomwe pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Macheka a injini odulira mitengo amadutsa madesibelo 100. Izi zikutanthauzanso kuti phokoso lomwe ndi lololedwa kwa maola 8 limasanduka loopsa munthu akawonjezera maola a ovataimu, zomwe zimakopa ambiri m'nyengo yomwe tiyi wachuluka ndipo ndalama ikufunika pakhomo.

Wogwira ntchito alibe kachipangizo koyezera phokoso m'thumba, koma pali njira yapafupi yodziwira. Ngati mnzanu waima pamtunda wa mkono umodzi ndipo mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokosolo lafika kale pa mlingo woopsa kapena laupitirira. Chizindikiro china ndi cha poweruka: makutu kumveka ngati atsekeka, mawu a anthu kumveka patali, ndi kulira komwe kumadzatha m'mawa. Ambiri amaona ngati n'zabwinobwino poti zimatha zokha. Kumeneku ndiko kutopa kwa timaselo tija, ndipo kukamabwerezedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, limafika tsiku lomwe kulirako sikuthanso. Mawu akuti "ndidazolowera phokoso" amamveka ngati a munthu wolimba pantchito, koma khutu silizolowera. Yemwe phokoso lidasiya kumusowetsa mtendere nthawi zambiri amakhala kuti kumva kwake kudachepa.

Kafukufuku yemwe adachitika mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2005, adayerekeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse omwe ali ndi vuto lalikulu la kumva, 16 adalitengera ku phokoso la kuntchito. Ku America, kulira kwa m'makutu ndilo vuto lomwe lili patsogolo pa mavuto onse omwe asilikali opuma amalandirira chipukuta misozi, chifukwa cha mfuti, mabomba ndi injini za ndege.

Kungakhale kukondera kuloza chala mafakitale okha. Pa Bvumbwe, pa Luchenza, pa Thekerani ndi pamalo ena alionse ochitira malonda pali zigayo, ndipo wogayitsa amaima pafupi ndi injini kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nthawi zambiri wopanda chotseka m'makutu. Mayi yemwe wabwera kudzagayitsa amakhalapo mphindi zochepa n'kumapita, mnyamata wa pachigayo amaswera pomwepo. Akabaza a njinga zamoto amakhala pa injini tsiku lonse. Kuukwati, kuchinkhoswe, kumalo omwera mowa ngakhalenso m'matchalitchi ena, zimkuzamawu zimakwezedwa mpaka chifuwa kunjenjemera, ana atakhala kutsogolo kwenikweni kwa masipika. Achinyamata nawo amagona ndi mahedifoni m'makutu. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kotere ka nyimbo, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pasabata pa madesibelo 80. Khutu silisiyanitsa phokoso la ntchito ndi la chisangalalo, limangophatikiza zonse.

Mankhwala ena amaliza makutu

Aliyense yemwe adamwapo kapena kubayidwapo kwinini akudziwa kale tanthauzo la nkhaniyi. Kwinini amaliza makutu ndipo amachititsa kuti munthu amve ngati ali pansi pa madzi, ngakhale kuti kwa ambiri zimatha akamaliza mankhwalawo. Masiku ano vutoli lidachepa, poti kuyambira m'chaka cha 2007 mankhwala oyamba a malungo m'dziko muno ndi LA, ndipo pa malungo aakulu jakisoni wa artesunate ndiye adalowa m'malo mwa kwinini m'zipatala zambiri.

Oopsa kwambiri ndi gulu la majakisoni monga streptomycin, kanamycin, amikacin ndi gentamicin. Awa amatha kupha timaselo ta m'khutu tija kotheratu. Kwa zaka zambiri odwala TB yosamva mankhwala ankabayidwa majakisoni oterewa kwa miyezi, ndipo ambiri m'maiko osiyanasiyana adachira TB koma n'kutsala ogontha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe m'chaka cha 2018 bungwe la WHO lidalangizira maiko kuti asiye kanamycin n'kutsamira pa mankhwala akumwa. Mankhwala a khansa otchedwa cisplatin nawonso amadziwika ndi vuto lomweli. Wodwala yemwe wayamba kumva kulira m'makutu ali pa mankhwala ngati amenewa ayenera kuuza dokotala tsiku lomwelo, chifukwa kulirako kumatha kukhala chenjezo loyamba. Kusiya yekha mankhwala a TB kapena khansa ndiye kungakhale kudziphera.

Pali mbali ina yomwe ikukhudza othyola tiyi, omwe ntchito yawo ilibe phokoso. Kuswera chowerama ndi dengu kumsana kumapweteketsa msana, mapewa ndi mawondo, ndipo njira yachidule imakhala kugula asipirini kapena bulufeni pa okala. Mankhwalawa akamwedwa ochuluka kapena tsiku ndi tsiku amatha kuliza makutu, kuwonjezera pa kukanda m'mimba ndi kuwononga impso. Ubwino wake kulira kobwera ndi asipirini kumatha munthu akachepetsa kapena kusiya.

Kuthamanga kwa magazi ndi chinthu china chomwe akafukufuku ambiri adachipeza chikuyendera limodzi ndi kulira kwa m'makutu, pamodzi ndi matenda a shuga ndi kusuta fodya. Timitsempha ta magazi topita mkati mwa khutu n'tating'ono kwambiri ndipo sitichedwa kuvutika magazi akamayenda molakwika. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Choncho munthu wopita kuchipatala ndi dandaulo la khutu asadabwe akayamba amuyeza pamkono.

Zina n'zapafupi kuthana nazo. Phula la m'khutu likadzadza n'kuuma limatseka njira ya mawu ndipo limaliza khutu, koma akalichotsa kuchipatala ambiri amapepukidwa pomwepo. Tsoka lake ambiri amafuna kulichotsa okha ndi kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku, chotsekera cholembera kapena timitengo ta thonje togula m'sitolo. Zonsezi zimangolikankhira mkati, ndipo nthawi zina zimaboola kanembanemba kaja. Khutu lotuluka mafinya, lomwe ana ambiri akumudzi amakula nalo osalandira chithandizo, limasiya chilema chomwe chimadzaonekera ukulu. Kuvulala m'mutu pangozi ya njinga yamoto kapena kumenyedwa khofi pakhutu nakonso kumayambitsa vutoli.

Pomwe simuyenera kudikira

Kulira kwa m'makutu nthawi zambiri si chizindikiro cha matenda akupha. Komabe pali mitundu ingapo yomwe imafuna dokotala msanga. Woyamba ndi pomwe munthu wadzuka n'kupeza kuti khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, uku likulira. Apa mankhwala amathandiza akaperekedwa m'masiku oyambirira, ndipo pakatha masabata angapo mwayi wobwezeretsa kumva umakhala utachepa kwambiri. Wachiwiri ndi phokoso logunda motsatana ndi mtima, lomwe limatha kuchokera ku kuchepa kwa magazi m'thupi, BP yokwera kapena vuto la mitsempha ya magazi ya m'khosi ndi m'mutu. Kulira kwa khutu limodzi lokha kosatha, kapena kobwera pamodzi ndi chizungulire chachikulu, kufooka kwa mbali imodzi ya nkhope kapena mutu wopweteka modabwitsa, nakonso n'kofunika kupimidwa bwino.

Chomwe chimapweteka ambiri ndi usiku. Masana phokoso la ntchito ndi la anthu limaphimba kulirako, koma mudzi ukangoti zii, nyenje ya m'mutu ija imatsala yokha. Tulo timasowa, m'mawa munthu amadzuka wotopa ndi waukali, ndipo kuntchito maganizo sakhazikika, zomwe n'zoopsa kwa yemwe amagwira pafupi ndi malamba a makina ndi mipeni yodulira masamba. Nkhawa imakulitsa kulirako, kulirako n'kukulitsanso nkhawa. Poti palibe wina akulimva phokosolo, ena amaopa kunena kuti angatchedwe amisala, ena amaganiza kuti awalodza, n'kuyamba kukayikira mnansi kapena mnzawo wa kuntchito yemwe adalimbirana naye udindo. Ndalama zimathera kwa asing'anga, ubale n'kusokonekera, pa chinthu chomwe chiyambi chake chili m'timaselo ta m'khutu. Akafukufuku ambiri adapeza kuti matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amachuluka pakati pa omwe vutoli lidawakulira, ndipo yemwe wafika poganiza zodzipha ayenera kuthamangira naye kuchipatala monga momwe timachitira ndi wodwala wina aliyense wakayakaya.

Mpaka lero palibe piritsi, jakisoni kapena mankhwala odontheza omwe adatsimikizidwa kuti amathetsa kulira kwa m'makutu kokhazikika. Ngakhale mankhwala a zitsamba a ginkgo, omwe amagulitsidwa kwambiri m'maiko akunja ndi pa intaneti, atawunikidwa mosamala sadaonetse kuti amathandiza. Wotsatsa pa Facebook kapena pamsika yemwe akulonjeza kuchiza vutoli m'masiku 7 akufuna ndalama zanu. Madzi a masamba, mafuta ophikira kapena adyo wothira m'khutu zimatha kuwonjezera matenda, makamaka ngati kanembanemba kadabooka.

Izi sizikutanthauza kuti chithandizo palibe. Ngati chayambitsa ndi phula, mafinya, mankhwala kapena BP, kuthana ndi chimenecho kumachepetsa kapena kuthetsa kulirako. Kwa yemwe kumva kudachepa, kachipangizo kothandizira kumva kamabwezeretsa mawu akunja omwe ubongo umawasowa, ndipo ambiri amati phokoso la mkati limazilala. Usiku, wailesi yotsitsa kwambiri kapena fani imathandiza kuti m'chipinda musakhale chete wotheratu. Njira yomwe ili ndi umboni wamphamvu kuposa zonse ndi uphungu wophunzitsa munthu kusintha momwe amaganizira za phokosolo, kuti asiye kuliopa ndi kulitchera khutu. Phokosolo silichoka, koma ubongo umaphunzira kulinyalanyaza, monga momwe okhala m'mphepete mwa msewu wa Limbe kupita ku Mulanje amagonera tulo magalimoto akudutsa. Kwa ambiri, kungomva kuchokera kwa wachipatala kuti si misala ndipo si chotupa cha muubongo kumatula theka la katunduyo.

Mtunda wa pakati pa Thyolo ndi Gulupu

Boma la Thyolo, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 720,000, lili ndi malo ake m'mbiri ya chithandizo cha makutu m'dziko muno. Pulofesa Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi mmero, adatsogolera kafukufuku m'bomali woona ngati alangizi a zaumoyo a m'midzi angaphunzitsidwe kuzindikira matenda a makutu. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'magazini ya BMJ Open m'chaka cha 2017, zidaonetsa kuti n'zotheka: ataphunzitsidwa kwa masiku ochepa, luso la alangiziwo lidakwera ndipo adapeza anthu ambiri m'midzi omwe ankafunika kupimidwa.

Kafukufuku wina wa chaka chomwecho, yemwe Pulofesa Mulwafu adachita limodzi ndi akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, adavumbula mbali yowawa. Mwa ana 150 omwe adapezeka ndi vuto la makutu n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, omwe adakafikako adali 5 okha. Makolo adatchula ndalama zoyendera, kutalika kwa ulendo, mantha ndi chipatala chachikulu komanso kusamvetsa bwino zomwe adauzidwa. Kuchokera pa boma la Thyolo kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 40 okha, koma kwa wochokera ku Thekerani kapena Masambanjati ulendowo ndi wautali, ndipo kwa wolipidwa potengera masiku kapena makilogalamu omwe wathyola, tsiku lopita ku Gulupu ndi tsiku lopanda malipiro. Ngati makolo adalephera kupititsa ana awo, n'zosavuta kuona chomwe bambo wa zaka 45 angachite ndi khutu lake lolira, lomwe silituluka magazi ndipo silimugoneka pamphasa.

Chithandizo chenicheni chilipo. Ku Queen Elizabeth kuli chipatala choyezera kumva chomwe chidatsekulidwa m'chaka cha 2016 mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Sound Seekers, ndipo ku Lilongwe kuli china ku African Bible College, komwenso amaphunzitsa akatswiri a zakumva. Koma poyambira ndi pafupi: chipatala chaching'ono cha m'dera, kiliniki ya pa esiteti, chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa, komwe angayang'ane m'khutu, kuyeza BP, kuona mankhwala omwe munthu akumwa ndi kulemba kalata yomutumiza patsogolo ngati pakufunika kutero.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limaika udindo pa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito sakuvulaza antchito, kuphatikizapo kupereka zovala ndi zipangizo zodzitetezera. Lamulo la 2000 la chipukuta misozi kwa ogwira ntchito ndilo limaona za omwe avulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito, ndipo onse awiriwa amayang'aniridwa ndi unduna wa zantchito. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, lidaika kuwonongeka kwa kumva chifukwa cha phokoso pa mndandanda wake wa matenda a kuntchito. Minda yomwe imagulitsa tiyi kunja pansi pa zizindikiro monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade imawunikidwanso pa nkhani za chitetezo cha antchito. Ndipo kuyambira m'chaka cha 2016, pomwe bungwe la antchito a m'minda la PAWU lidasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ndi bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi, pali tebulo pomwe nkhani ngati imeneyi ingakambidwe. Mwachidziwikire pa tebulo lotere malipiro ndiwo amatenga nthawi yaikulu, ndipo m'pomveka. Koma makutu akuyenera kupezako mpata, poti wopuma ntchito amapita nawo kumudzi.

Akatswiri a zachitetezo pantchito amati zotseka m'makutu ndi njira yomaliza. Choyamba ndi kuchepetsa phokoso komwe likuchokera, pokonza makina panthawi yake, kuthira girisi, kumanga zomwe zakhwefuka ndi kutchingira injini ndi majenereta m'chipinda chawochawo. Chachiwiri ndi kusinthanitsa anthu kuti mmodzi asaswere pamalo aphokoso kwambiri. Zotseka m'makutu zikaperekedwa, zimagwira ntchito pokhapokha zitavalidwa bwino ndiponso nthawi yonse. Kuzivula kwa ola limodzi lokha pa shifiti chifukwa cha kutentha kapena pofuna kumva zomwe kapitawo akunena kumachotsa gawo lalikulu la chitetezo cha tsikulo. Thonje wamba kapena kansalu kofwanyika m'khutu sikatchinga phokoso mokwanira.

Chovuta pa nkhani ya chipukuta misozi ndi umboni. Chala chikadulidwa ndi makina aliyense amaona, tsiku lake limadziwika ndipo lipoti limalembedwa. Khutu limawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka 10 kapena 20, ndipo pofika nthawi yodandaula kumakhala kosavuta kunena kuti ndi ukalamba, kwinini wa kale kapena nyimbo za kumowa. Kwa waganyu wa nyengo, yemwe chaka chino ali pa esiteti iyi, chaka chamawa pa ina, n'zovutirapo. Njira yodziwika yothetsera mkangano wotere ndi kuyeza kumva kwa munthu pomwe akuyamba ntchito pamalo aphokoso, kenaka chaka ndi chaka, zotsatira zake n'kusungidwa. Kuyezako sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa: munthu amavala mahedifoni pamalo achete n'kumakweza dzanja akamva kamluzu. Kuwonongeka kobwera ndi phokoso kumakhala ndi chizindikiro chakechake pa pepala la zotsatira, pomwe mzere umatsika pa mawu ena okwera n'kukweranso pang'ono, ndipo chimaoneka zaka zambiri mwiniwake asanayambe kupempha anthu kuti abwereze zomwe anena. Wogwira ntchito yemwe wayezedwa apemphe kope la pepalalo n'kulisunga m'buku lake la kuchipatala.